Msonkho: Kucokera pa Dengu la Mtulo Kufika pa Foni ya m'Manja

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za msonkho. Kapena ena a inu muganiza kuti msonkho ndi nkhani ya akuluakulu okha, anthu olandira malipiro pa kutha kwa mwezi ndi eni masitolo. Si tero ai. Mwana amene atumidwa kusitolo kukagula sopo alipira msonkho. Mai amene atumiza ndalama pa foni kwa mbale wake wodwala alipira msonkho. Ambiri alipira osadziwa kuti alipira.

Msonkho ndi gawo la cuma cimene munthu apereka kwa olamulira kuti nchito zothandiza onse zicitike. Njira yoperekera yasintha kambiri m'dziko lathu. Makolo athu anasenza dengu, agogo athu anasenza citupa, ife tisenza foni. Koma pali mafunso atatu amene sanasinthe, ndipo tifuna kuti muwasunge m'mutu pamene muwerenga. Loyamba: ndani alipira? Laciwiri: alipira zingati? Lacitatu: nanga cibwerera kwa iye nciani? Msonkho uli wonse, wakale kapena watsopano, uyesedwa ndi mafunso atatu amenewa.

Mtulo wa makolo

Azungu asanafike, anthu a kuno anali kupereka mtulo kwa mafumu ao. Mlimi anapereka dengu la mapira kapena cimanga. Wosula anapereka khasu. Mlenje akapha njobvu, mnyanga umene unagwera pansi unali wa mwini dziko, ndipo cikopa ca mkango kapena ca nyalugwe cinapita kwa mfumu. Mfumu nayo inali ndi udindo. Inaweruza milandu, inalandira alendo, inatsogolera anthu pa nkhondo ndi pa kupempha mvula, ndipo nkhokwe yake inatseguka pa nthawi ya njala. Mfumu youma manja inali kutaya anthu, pakuti mabanja anali kusamuka ndi kukamanga kwa mfumu ina.

Cithunzi ca mtulo cioneka mpaka lero pa miyambo yathu. Pa mwambo wa Kulamba, umene ucitika ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique abwera ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi ndi kumuuza za umoyo wa anthu ao. Pa mwambo wa Nc'wala, umene ucitika ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale, Angoni apereka zipatso zoyamba za m'munda kwa Inkosi Mpezeni. Miyambo iwiriyi inaleka m'nthawi ya atsamunda. Nc'wala inayambanso mu 1980, ndipo Kulamba kunayambanso mu 1984. Taonani kuti pa miyambo imeneyi wopereka aonana ndi wolandira maso ndi maso, ndipo anthu onse aona cimene caperekedwa.

Msonkho wa nyumba

Mu 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kulanda ng'ombe zambiri. Dziko linakhala m'manja mwa kampani yochedwa British South Africa Company. Mu 1901 kampaniyo inayamba kusonkhetsa msonkho wa nyumba m'cigawo ca North-Eastern Rhodesia, ndipo kuyambira 1904 msonkhowo unafalikira pang'onopang'ono ku cigawo ca kumadzulo. Pambuyo pake unasanduka msonkho wa mutu, wolipidwa ndi mwamuna wamkulu ali yense.

Msonkho umenewu unafuna ndalama, osati dengu la cimanga, ndipo ndalama m'midzi munalibe. Ici cinacitidwa dala. Mwamuna wofuna kulipira anayenera kusiya mudzi ndi kukagwira nchito kwa Azungu, m'minda ya fodya ya ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, kapena ku migodi ya Southern Rhodesia, ya Katanga ndi ya South Africa. Ena sanabwererenso, ndipo anachedwa macona. Mwamuna ali yense anayenda ndi citupa coonetsa ngati analipira. Mesenjala wa ku boma akafika pamudzi, osalipira anali kuthawira kuthengo, pakuti wogwidwa anamangidwa.

M'mwezi wa Meyi 1935 boma la atsamunda linakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi mosawacenjeza bwino. Anchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya ananyanyala nchito, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera ndi kupha anthu 6. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufika 1963, gawo lalikulu la ndalama za mkuwa wathu linali kupita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu a m'zigawo za Kumpoto ndi Luapula anatentha zitupa zao. Pamene tinalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha otsiriza maphunziro a ku yunivesite.

Yesani msonkho wa nyumba ndi mafunso athu atatu. Wolipira anali wosauka. Analipira mwa lamulo limene iye sanafunsidwe. Cobwerera kwa iye cinali cocepa kwambiri. Ndico cifukwa cake mau akuti msonkho anakhala owawa m'makutu a agogo athu, ndipo kuwawako sikunathe konse m'mitima ya anthu ena.

Msonkho m'dziko la ufulu

Lero Malamulo Aakulu a dziko lathu anena kuti msonkho sungaikidwe popanda lamulo. Caka ciri conse Nduna ya Zacuma ipita ku Nyumba ya Malamulo, kawirikawiri kumapeto kwa Seputembala, kukalongosola bajeti, ndiko kuti ndalama zimene Boma lifuna kusonkhetsa ndi mmene lidzazigwiritsira nchito kuyambira Januwale. Aphungu amene makolo anu anasankha ndiwo akambirana ndi kuvomereza. Bungwe losonkhetsa misonkho ndi Zambia Revenue Authority, mwacidule ZRA, limene linayamba nchito mu 1994. Wolipira ali yense apatsidwa nambala yake yochedwa TPIN.

Misonkho iripo ya mitundu ingapo. Woyamba ndi wa pa malipiro, wochedwa PAYE, umene wolemba nchito adula asanapereke malipiro. Msonkhowu ukwera monga makwerero. Mu 2024 ndalama zoyamba K5,100 pa mwezi sizinadulidwe kanthu. Zopitirira pamenepo kufika K7,100 zinadulidwa 20 pa 100, zotsatira kufika K9,200 zinadulidwa 30 pa 100, ndipo zopitirira K9,200 zinadulidwa 37 pa 100. Tiyeni tiwerengetse. Munthu wolandira K7,100 anali ndi K2,000 yokha pamwamba pa K5,100, motero msonkho wake unali K400. Wolandira K5,000 sanalipire konse. Apa cilungamo cake ndi cakuti wamphamvu asenza katundu wolemera.

Waciwiri ndi wa pa zogula, wochedwa VAT, umene unayamba mu 1995. Kuyambira 2008 msonkhowu wakhala 16 pa 100. Mukagula cinthu ca K116 m'sitolo yolembedwa ku ZRA, K100 ndiwo mtengo wa cinthuco, ndipo K16 ndi ya Boma. Zinthu zina zofunika kwambiri, monga ufa wa cimanga, mankhwala ndi mabuku, siziikidwa msonkhowu. Koma pa zinthu zina zonse wolemera ndi wosauka alipira mofanana.

Palinso msonkho wa pa katundu wolowa m'dziko, umene usonkhedwa pa zipata monga Chirundu, Nakonde, Kasumbalesa ndi Mwami. Pali msonkho wa pa phindu la makampani, ndi wa pa miyala yokumbidwa ku migodi. Pali msonkho wapadera wa pa mowa, fodya, mafuta a galimoto ndi tokotaimu. Wa pa tokotaimu unakwezedwa mu 2017 kufika 17.5 pa 100. Conco foni inayamba kulipitsa msonkho kale, anthu ambiri asanazindikire.

Cobvuta ca Boma ndi ici: anthu olembedwa nchito ndi ocepa m'dziko lathu. Ambiri ndi alimi, ogulitsa pamsika, osoka, opala matabwa, oyendetsa njinga. Alibe wolemba nchito wodula PAYE, ndipo ndalama zao zinali kuyenda m'manja, kumene buku la Boma silifika. Tsopano ndalamazo zalowa m'foni, ndipo zasanduka zooneka.

Foni ndi kompyuta yaing'ono

Foni ya m'manja, ngakhale ija yaing'ono ya mabatani, ndi kompyuta. Mkati mwake muli kacipangizo kowerengetsa, malo osungira mau ndi manambala, ndi kawailesi kolankhulana ndi nsanja zimene muona pa zitunda. Khadi ya SIM ndiyo iuza kampani kuti foniyo ndi ya yani, ndico cifukwa cake polembetsa SIM afuna citupa canu ca dziko. Bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi ZICTA, koma ndalama za pa foni ziyang'aniridwa ndi Bank of Zambia.

Kodi ndalama zilowa bwanji m'foni? Kunena zoona, sizilowamo. Mukapita kwa ejenti, m'tinyumba tija tating'ono tokhala m'mbali mwa mseu, ndi kumupatsa K100, pepala la ndalamalo litsala m'kabati yake. Cimene cisintha ndi buku lalikulu losungidwa m'kompyuta ya kampani. Kompyuta icotsa 100 pa dzina la ejenti ndi kulemba 100 pa dzina lanu. Mukatumiza K50 kwa agogo ku Lundazi, icotsa 50 pa dzina lanu ndi kulemba pa dzina lao, ndipo agogo akatenga ndalama zenizeni kwa ejenti wa kwao. Lamulo lifuna kuti kampani isunge ku banki ndalama zenizeni zolingana ndi zonse zolembedwa m'bukumo. Motero foni ikatayika ndalama sizitayika, malinga ngati nambala yanu yacinsinsi ya PIN simunauze munthu.

Njira imeneyi inachuka ku Kenya, kumene kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007. Kuno kwathu ambiri atumiza ndalama kudzera ku Airtel, MTN ndi Zamtel. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mu 2015 anthu akuluakulu 14 pa 100 ndiwo anali kugwiritsa nchito ndalama za pa foni, koma pofika 2020 anali pafupifupi 58 pa 100. Kale wotumiza ndalama kumudzi anali kudikira munthu wokwera basi kapena kupita ku positi. Lero zifika nsima isanapse.

Cikhalidwe cathu naco calowa m'foni. Maliro akagwa, abale a ku Lusaka, ku Kitwe, ngakhale a ku Johannesburg ndi London asonkha za bokosi ndi ufa pa nambala imodzi. Amai a cilimba aponya ndalama zao pa foni. Makomiti a ukwati atero, ndipo mu 2020, pamene matenda a korona analetsa misonkhano yaikulu, mipingo yambiri inayamba kulandira zopereka mwa njira yomweyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo foni yathandiza kuti mitu yokhala kutali isenze pamodzi.

Msonkho ufika m'foni

Popeza ndalama iri yonse yoyenda pa foni ilembedwa m'kompyuta, kudulapo msonkho nkosabvuta. Sipafunika mesenjala, sipafunika citupa. Pa 1 Januwale 2024 Boma linayamba kudula msonkho pa ndalama zimene munthu atumiza kwa munthu mnzake pa foni. Wotumiza ndiye alipira. M'caka cimeneco msonkhowo unayambira pa ngwee 8 kwa wotumiza zocepa, ndi kukwera kufika K1.80 kwa wotumiza zambiri koposa. Mu 2025 unakwezedwa. Popeza bajeti ingathe kusintha mitengo imeneyi caka ndi caka, aphunzitsi ayenera kufunsa mtengo wa caka cino kwa ejenti kapena ku ZRA asanaphunzitse.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Pali malipiro a kampani, amene mulipira potumiza kapena potapa ndalama, ndipo amenewa ndi a kampani ndi ejenti. Palinso msonkho, umene kampani ingosonkhetsa ndi kupereka ku Boma.

Okonda msonkhowu akuti ngwee zocepa sizipweteka munthu, koma zikaunjikana kucokera kwa anthu mamiliyoni zikhala cuma cambiri, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Akuti ndi bwino kuti wamalonda amene sanalembedwe ku ZRA aperekeko kanthu, kuti katundu asatsalire aphunzitsi, anamwino ndi anchito a ku migodi okha. Akumbutsanso kuti dziko lathu linalephera kulipira ngongole zake zakunja mu Novembala 2020, ndipo liyenera kuphunzira kudzidalira.

Otsutsa nao ali ndi mau. Tiyeni tiwerengetsenso ndi mitengo ya 2024. Wotumiza K20 analipira ngwee 8, ndiko kuti ngwee 40 pa K100 iri yonse. Wotumiza K10,000, ngakhale atalipira K1.80 yonse, sanafike ngwee 2 pa K100 iri yonse. Muona kuti apa makwerero aima cadodolido: wosauka alipira gawo lalikulu kuposa wolemera. Ndiponso kompyuta siidziwa cifukwa cimene munthu atumizira. Idula mofanana pa ndalama za malonda, za maliro ndi za mankhwala a mwana. Ndalama zimenezo mwina zinadulidwa kale PAYE. Otsutsa aopanso kuti msonkho ukakwera kwambiri anthu adzabwerera ku kusunga ndalama pansi pa mphasa, kumene mbala, moto ndi ciswe zidikira.

Maiko ena a mu Africa anayesa njira yomweyi, ndipo tingaphunzireko. Mu Julayi 2018 dziko la Uganda linaika msonkho wa masilingi 200 pa tsiku kwa ogwiritsa nchito Facebook, WhatsApp ndi zina zotere, koma ambiri anapeza njira zouzemba, ndipo unacotsedwa mu 2021. Dziko la Tanzania linaika msonkho pa ndalama za pa foni mu Julayi 2021, anthu anadandaula kwambiri, ndipo unatsitsidwa patapita miyezi yocepa. Dziko la Ghana linaika wa 1.5 pa 100 mu Meyi 2022, linautsitsa mu 2023, ndi kuucotseratu mu 2025. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2018, Boma linalengeza ganizo la kulipitsa ngwee 30 pa tsiku kwa oimba foni kudzera pa intaneti, ndipo anthu ambiri analitsutsa. Phunziro lake ndi lakuti kompyuta ifewetsa kusonkhetsa, koma siingathe kufewetsa mitima ya olipira. Mitima ifewa pamene anthu aona cilungamo ndi phindu.

Foni ithandizanso wolipira. Kuyambira 2013 ZRA inayamba kulandira mapepala a msonkho pa intaneti, ndipo lero munthu angathe kutenga TPIN ndi kulipira ali kwao, osakwera basi kupita ku ofesi. Mu 2024 inayambitsa njira yochedwa Smart Invoice, imene ituma uthenga wa lisiti la sitolo ku kompyuta ya ZRA, kuti VAT imene wogula walipira isatsalire m'thumba la wogulitsa.

Zipembedzo ndi msonkho

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analembedwa kumayambiriro kwa Malamulo Aakulu. Malamulo omwewo apatsa munthu ali yense ufulu wa kupembedza monga afunira. M'kalasi mwanu mungakhale ana a Cikhristu, a Cisilamu, a Cihindu ndi otsata miyambo ya makolo, ndipo onse aphunzitsidwa kwao kuti kupatsa ndi udindo. Akhristu ambiri apereka cakhumi, gawo limodzi pa magawo 10. Asilamu amene ali ndi cuma cokwanira apereka zakati, 2.5 pa 100 ya cuma cosungidwa caka cathunthu, kuti ithandize osauka.

Ana ena afunsa kuti, ngati atate apereka cakhumi, bwanji aperekanso msonkho? Funsoli ndi lakale. M'mabuku a Uthenga Wabwino muli nkhani ya anthu amene anafunsa Yesu ngati nkololeka kupereka msonkho kwa mfumu ya Aroma. Iye anaitanitsa ndalama, nawafunsa za cithunzi cinali pamenepo, ndipo anawaphunzitsa kuti wolamulira ali ndi zake, Mulungu ali ndi zake. Mabuku omwewo asimba za Zakeyu, wokhometsa msonkho amene analonjeza kubweza zimene analanda monyenga. Nkhani yoyamba ilankhula kwa wolipira, yaciwiri ilankhula kwa wosonkhetsa.

Kusiyana kwake ndi uku. Cakhumi ndi zakati munthu apereka mwa cikhulupiriro cake, ndipo wapolisi sangamumange akapanda kupereka. Msonkho uperekedwa mwa lamulo, ndi anthu a zipembedzo zonse, ndipo mseu umene umangidwa nao ayendamo onse. Mpingo wovomerezedwa ndi Boma monga bungwe lothandiza anthu sulipira msonkho pa zopereka za akhristu ake. Koma mphunzitsi kapena kalaliki wolembedwa nchito ndi mpingo adulidwa PAYE monga wina ali yense.

Mipingo ndi Boma zigwirizana pa nchito zambiri. Cipatala ca St Francis ku Katete ndi ca Mwami pafupi ndi Chipata ndi za mipingo, koma Boma lilipira anchito ambiri a m'zipatala zotere, monganso lilipira aphunzitsi a m'masukulu ambiri a misyoni. Pamenepo copereka ca m'mbale ndi msonkho zikumana pa bedi limodzi la wodwala. Mipingo ilinso ndi nchito ya kulankhulira osauka. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection ku Lusaka lifalitsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zakudya ndi zofunika zina za banja, kuti oika msonkho adziwe mmene umoyo ulili. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mipingo inatsogolera gulu la Jubilee 2000 lopempha kuti ngongole za maiko osauka zikhululukidwe, ndipo mu 2005 gawo lalikulu la ngongole ya Zambia linafafanizidwa.

Cobwerera kwa wolipira

Tafika pa funso lacitatu. Yang'anani m'kalasi mwanu. Malipiro a aphunzitsi, coko, bolodi ndi mabuku zicokera ku msonkho. Kuyambira Januwale 2022 maphunziro a m'masukulu a Boma ndi aulere, ndipo m'caka comweco Boma linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Ndalama za citukuko ca m'dera la phungu, zochedwa CDF, zinakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni pa dera limodzi, ndipo zina mwa izo zigula madesiki ndi kumanga makalasi. Mau akuti aulere satanthauza kuti palibe wolipira. Atanthauza kuti tonse talipira pamodzi.

Koma si zonse ziri bwino. Ana aculuka m'makalasi, ndipo m'masukulu ena akali kukhala pansi. Gawo lalikulu la bajeti lipita ku kubweza ngongole. Caka ciri conse Mkulu Wofufuza Mabuku a Boma atulutsa lipoti loonetsa ndalama zimene zinagwiritsidwa nchito molakwika, ndipo komiti ya aphungu iitana akuluakulu a maofesi kuti adzayankhe. Pa Kulamba wopereka aona dengu lake likufika. Pa foni saona kanthu koma kauthenga kakafupi. Ndico cifukwa cake nzika ya lero iyenera kudziwa kuwerenga, kuwerengetsa ndi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Inu ana, pali zinthu zinai zimene mungathe kucita kuyambira lero. Mukagula m'sitolo yaikulu, pemphani lisiti ndipo funani pamene palembedwa VAT. Makolo kapena agogo akatumiza ndalama, athandizeni kuwerenga uthenga wonse, kuti adziwe zimene zapita ndi zimene zadulidwa. Acenjezeni kuti asauze munthu PIN, ngakhale woimba foni atanena kuti ndi wa ku kampani kapena wa ku Boma, ndiponso kuti asatumize ndalama pa nambala yacilendo asanamve mau a mwini wake. Cotsiriza, samalani desiki, zenera ndi buku la sukulu. Wothyola desiki aononga ndalama za amai ake omwe.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, mutatha kuwerenga nkhaniyi ndi ana, yesani nchito izi monga mwa msinkhu wa kalasi lanu.

1. Ana achule mafunso atatu oyesera msonkho, ndipo ayese nao mtulo, msonkho wa nyumba ndi msonkho wa pa foni.

2. Cinthu cigulidwa K232 pamodzi ndi VAT ya 16 pa 100. Mtengo wa cinthuco ndi zingati, nanga za Boma ndi zingati?

3. Ndi mitengo ya 2024, munthu wolandira K6,100 pa mwezi anadulidwa PAYE yocuruka bwanji?

4. Mwana ali yense afunse munthu wokalamba wa kwao zimene akumbukira kapena zimene anamva za citupa, ndipo adzasimbire anzake.

5. Citani sewero la ejenti, wotumiza, wolandira ndi kompyuta. Mwana wokhala kompyuta alembe pa bolodi zocotsa ndi zoonjeza.

6. Gawani kalasi pawiri, ndipo akambirane mutu uwu: kodi ndi bwino kudula msonkho pa ndalama zotumizidwa ku maliro? Mbali iri yonse ipereke zifukwa, ndipo imvere inzake mwaulemu.

7. Lembani zinthu khumi za pa sukulu panu ndi m'mudzi mwanu zimene zinagulidwa ndi msonkho, ndi zinthu zitatu zimene zikali kusowa. Aphunzitsi aakulu angathe kupereka mndandandawo kwa khansala wa dera lanu.

Ana amene muli m'Giredi 6 ndi 7 lero, zaka zocepa zikubwerazi mudzakhala olipira msonkho, ena mudzakhala osonkhetsa, ndipo ena mudzakhala aphungu ouika. Njira yolipirira idzakhala itasinthanso, koma mudzafunsidwa mafunso atatu omwewa, ndipo mudzayenera kuwayankha moona.